Geni ya magalasi a galimoto: lokwecha ndi losintha

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angadyere ntchito yochotsa mizere pa magalasi okalika a galimoto kuno ku Mzuzu, komanso komwe timapikula zipangizo zake. Ine ndimayenda msewu wa ku Tanzania kukaoda magalasi ndi ufa wokwechera, ndiye ndikuuzani momwe ndimachitira.

Chida choyamba muli nacho kale, ndi chikhadabo chanu. Tsukani galasi, liume, kenako yendetsani chikhadabo modutsa mzerewo. Chikangotsetsereka osakodwa, ntchito ilipo. Chikakodwa, mzerewo walowa mkati, muuzeni mwini galimoto kuti lofunika ndi galasi lina. Mizere yambiri yomwe ndimaona ndi ya mawaipa: labala yatha, fumbi la m'chilimwe lakhala pagalasi, dalaivala n'kuyatsa waipa pouma. Imeneyo imachoka. Pa magalasi a m'zitseko muyambe mwagwira mkati, chifukwa kawirikawiri chokalika ndi pepala la tinti, galasi lili bwinobwino.

Ufa wake umatchedwa cerium oxide. Mumausakaniza ndi madzi mpaka ukhale ngati phala lamadzimadzi, n'kupaka pa kansalu kolimba kozungulira komangirira ku dirilo. Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, dzanja lisaime pamodzi, ndipo muziwaza madzi pafupipafupi. Muzigwira galasi ndi kuseri kwa dzanja: likatentha, pumulani. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, ndiye kutentha kwa pamalo amodzi kumatha kulichititsa mng'alu. La m'chitseko ndi lamtundu wina, likasweka limangoyoyoka ngati mchere wamibulu.

Chimene chimandipweteka mtima ndi anthu okakamira mzere wakuya chifukwa cha ndalama. Amakwecha mpaka pamalopo pachita kadzenje kosaoneka ndi maso masana. Usiku magetsi a galimoto yobwera kutsogolo amapindika pamenepo, ndipo dalaivalayo wanyamula anthu pa Sienta akutsika mapiri a Chiweta. Pamalo oyang'anizana ndi maso a dalaivala ine sindikwecha mzere wakuya, andilonjeze zingati. Zoti mankhwala otsukira mano amachotsa mizere, mwina pa kakang'ono zedi, koma si zolipiritsa munthu.

N'chifukwa chake ufa wokha sungakudyetseni. Paketi imodzi imagwira galimoto zambiri, phindu lenileni lili pa galasi losintha. Ndimanyamuka kuno kudzera ku Karonga mpaka pachipata cha Songwe, kuwoloka mlatho kulowa Kasumulu, kukwera za ku Mbeya, kenako basi yaitali ya ku Dar es Salaam. Kumeneko ndimazungulira mashopu a zipangizo za galimoto cha ku Kariakoo. Chiswahili pang'ono chimathandiza: galasi amati kioo, ambiri ndi vioo, ndipo mtengo umatsika mukafunsa m'chinenero chawo.

Musapite musanalembe maoda. Zungulirani magalaja ndi masiteji a matakisi, mufunse eni ake a Sienta, Probox, Vitz ndi Passo. Dzina la galimoto lokha silikwanira, Sienta yakale ndi yatsopano magalasi ake ndi osiyana. Lembani chaka ndi nambala ya chasisi, jambulaninso chidindo cha pakona ya galasi lakalelo. Pogula, chidindo chomwecho muchione ndi maso anu: lakutsogolo lizikhala lolembedwa Laminated, ambiri amalembanso AS1. Lopanda chidindo lisiyeni ngakhale litchipe bwanji.

Kunyamula ndiye kudandiliza ine. Ulendo wanga woyamba ndidalola anyamata a basi ina kugoneka magalasi asanu chafufumimba m'buti, pamwamba n'kusanjikapo matumba a mpunga. Tikutsitsa ku Mzuzu, atatu adali ndi ming'alu kuchokera pakona mpaka pakona. Ndidakhala pansi padepoti manja ali m'mutu, theka la mpamba litapita. Galasi limayenda choimirira, m'bokosi lamatabwa, makatoni kapena siponji pakati pa lililonse, makona atakulungidwa. Lipirani kalipentala, ndipo pokweza muziimirira pomwepo inu mwini.

Pa Songwe onetsani katundu yense kwa a MRA pamodzi ndi malisiti enieni, mulipire msonkho, mapepala muwasunge pafupi chifukwa pa marodibuloko a mumsewu wa M1 amawafuna. Njira zamadulira zowolotsa katundu pamtsinje usiku siza munthu wonyamula magalasi. Ndalama nazo zimavuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene tidagulitsa pamtengo wakale tidalephera kuodanso katundu wofanana ndi yemwe tidatulutsa. Tsono poika mtengo muziwerengera ndalama yomwe mukagulire galasi lina ulendo wotsatira, kuphatikizapo thiransipoti, malo ogona, msonkho ndi limodzi lomwe lingasweke m'njira.

Popeza mpamba wanu mwati ndi wochepa, musathamangire ku Dar es Salaam. Tumani ufa ndi tinsalu take kwa ife amene tikupita kale, mupemphe galasi lotayidwa ku galaja, mulikale dala ndi mchenga n'kuphunzirirapo masabata angapo musanagwire galimoto ya munthu. Ndipo aliyense amene mwamukwechera galasi mugulitseni mawaipa atsopano tsiku lomwelo, apo ayi mvula yoyamba ikangogwa abweranso ndi mizere yomweyo n'kumati simudagwire ntchito.