Yankho kwa amalume pa za kabotolo ka PiT-1

Amalume, mwaswera bwanji ku Mufakose uko? Voisi yanu ndaimva, chithunzi chija mwaponya pa gulupunso ndachiona. Mukuti poti adokotala apeza kuti phosphate yachuluka m'magazi mwa agogo chifukwa cha impso, kodi tiwaitanitsire kabotolo kameneka, ka blocking peptide ya PiT-1? Ayi amalume, madola anuwo musawataye. Amenewo si mankhwala. Ndi za ife a mu labu, ndipo pabotolopo amachita kulemba kuti nzofufuzira basi, osati zopatsa munthu.

Ndifotokoze pang'ono. Selo iliyonse m'thupi ili ndi kachikopa koikuta, ndipo phosphate payokha siingadutse. PiT-1 ndi puloteni yokhala pakachikopa pomwepo, imalowetsa phosphate limodzi ndi sodium, ma sodium awiri pa phosphate imodzi. Jini lake ndi SLC20A1. Poyamba ankangoidziwa ngati polowera kachilombo kena ka khansa ya m'magazi ya anyani otchedwa gibbon, ntchito yake yeniyeni anaizindikira mu 1994. Akatswiri a impso amaifufuza chifukwa phosphate ikachuluka, mitsempha ya magazi imayamba kuuma ndi calcium, ndipo PiT-1 ili nawo m'nkhani imeneyo.

Nde pofuna kuiona puloteniyi, timagwiritsa ntchito antibody, kamsilikali ka chitetezo cha m'thupi kamene kamagwira chinthu chimene kanapangidwira. Amabaya kalulu kachidutswa kakang'ono ka puloteniyo, thupi la kalulu nkupanga antibody yogwira kachidutswako. Peptide mukuionayo ndi kachidutswa komweko. Kamabwera ngati kaufa koyera pansi pa kabotolo, kochepetsetsa moti munthu umachita kupendeketsa pawindo kuti ukaone. Timakasunga mu fuliji yozizira madigiri -20, nchifukwa chake magetsi akangothima, woyamba kuthamangira jenereta ndimakhala ine.

Tikamapanga western blot, mayeso oonera puloteni pa kapepala, timadula timapepala tiwiri tofanana. Kena timathirapo antibody yokha, nkutuluka kamzere kakuda. Kenako timathirapo antibody yomwe tayamba taisakaniza ndi peptide yochuluka kasanu kapena kakhumi, nkuigoneka mu fuliji. Zili ngati galu wa uzimba amene mwamukhutitsa nyama musananyamuke, kutchireko sasakanso. Kamzere kaja kakasowa, timati chabwino, antibody imagwiradi pomwe timafuna. Mwaona? Chomwe chatsekedwa apa ndi antibody. PiT-1 yeniyeniyo siikhudzidwa nkomwe, ndiye phosphate ya agogo siingatsike ndi zimenezi. Komanso ineyo mayeso amenewa sindiwadalira kwenikweni, chifukwa puloteni ina ikakhala ndi kachigawo kofanana, mzere wakenso umasowa, iwe nkumasangalala pachabe. Umboni wabwino ndi wa maselo amene anawachotseratu jinilo.

Za agogozo, zothandiza zilipo kale. Pali mapiritsi omanga phosphate m'matumbo, monga calcium carbonate kapena sevelamer, ndipo amamwera pa nsima pomwepo, osati patapita maola awiri, apo ayi sagwira ntchito. Zakumwa za cola zija, poloni, masoseji, achepetse. Matemba a ku Kariba amawakondawonso ali ndi phosphate yambiri poti timadyera kumodzi ndi minga, koma musawaletse nokha ndiwo zonse, angafooke, mufunse adokotala awo mlingo wake.

Munditumizire chithunzi cha pepala la zotsatira za magazi ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba ngati alipo. Tsiku la kliniki mundiuze, ndidzapempha kuntchito tidzapitire limodzi.