Lusaka mpaka Mpulungu pa Vitz tsiku limodzi? Amai, khalani pansi kaye

Sabata yatha ndinalandira email kuchokera kwa amai ena a ku Chelstone. Akuti pa Khrisimasi akupita kwa apongozi ku Mpulungu pa Vitz yawo, iwo, abambo ndi ana awiri, ndiye abambowo akuti anyamuka 03 hours mbandakucha afike tsiku lomwelo. Funso lawo linali lalifupi: zitheka?

Ndinangotseka foni nkuiika m'thumba. Mawu amenewo akuti "tifika tsiku lomwelo" ndinawayankhulapo ine ndi pakamwa pangapa, ndipo mpaka lero mai a ana akafuna kundikhalitsa chete pa nkhani iliyonse, kaya ya fizi kaya ya mayunitsi a magetsi, amangoti "paja inu mumafika tsiku lomwelo". Mlandu umathera pomwepo.

Ine kwathu ndi ku Katete. Msewu womwe ndinakulira nawo ndi Great East, Chongwe, Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Sinda, ukanyamuka m'mawa dzuwa lisanalowe uli pakhonde la amai ako ukudya chimanga chootcha. Ndiye m'mutu mwanga ulendo wautali unali umenewo basi. Koma ndinakakwatira kwa aBemba, mudzi wa mbali ya Kasama uko, ndipo zaka zingapo zapitazo mu July foni inalira usiku kuti apongozi anga aamuna atisiya. Mlamu wanga anati tiyeni tikakwere basi ku Intercity. Ine ndinakana. Ndinali nditangogula ka Corolla kogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndinene zoona pano poti papita nthawi, ndimafuna kukafika pamaliro ndi galimoto yangayanga kuti odya anyani aja aone kuti wodya mbewa nayenso zake zikuyenda. Chimbuya, kuja kosekana ife akum'mawa ndi aBemba, chinandilowa m'mutu mpaka nzeru zinatuluka.

Tinati tinyamuka 05 hours. Tinanyamuka 14 hours. Mukudziwa mmene zimakhalira za maliro, uyu akudikira ndalama pa mobile money, uyu zitenje zake zili ku Matero, azakhali a mai a ana akuti sangapite opanda kabichi ndi matumba awiri a ufa. Mmene timatuluka pa Kabwe roundabout kumbuyo kwa galimoto kunali kutakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, anthu asanu ndi katundu mpaka pamiyendo. Mlamu wanga wina wamkazi yekha ndiye anati ine ayi, anakakwera basi. Musamuiwale ameneyo.

Lusaka kufika Kapiri Mposhi ndi makilomita pafupifupi 200 koma musawerenge ngati 200 ya msewu wopanda anthu, pamenepo mumayenda pakati pa ma truck a ku Copperbelt, muime pa toll gate ya Katuba, mudutse mkati mwa Kabwe, muimenso pa Manyumbi. Tinafika pa Kapiri dzuwa likupendeka. Titangodutsa tauni ndinakhotera kumanja, ndiye poyambira kumpoto kwenikweni pamenepo, ndipo ndimaimba kamluzu. Mafamu a ku Mkushi tinawadutsa kuli mdima. Pa Serenje, cha m'ma 21 hours, mai a ana anandigwira pabondo nati, bambo a ana tigone pano, mawa tilawirire. Ndinayankha kuti Mpika ili pafupi. Sindinali nditayang'anapo mapu. Serenje kufika Mpika ndi makilomita opitirira 200, ndipo pakati pake ndi tchire, timidzi tamakala apa ndi apo, basi.

Usiku msewu umenewo si wathu, ndi wa ma truck ndi ma tanker opita ku Nakonde ndi Dar es Salaam. Akubwera kutsogolo nyali zonse zili phwii, iwe sukuona kanthu, ukungoyendetsa ndi chikhulupiriro. Titapitirira Kanona ndinamva phuu! galimoto nkukokera kumanzere, azakhali nkukuwa dzina la Yesu. Dzenje. Osati timaenje tathu ta mu Kanyama, dzenje loti mwana angasambiremo. Tayala lakutsogolo linang'ambika m'mbali, rimu inapindika ngati mbale yakale ya malata. Ndinati palibe vuto, sipeya ilipo. Tinatsitsa ufa, kabichi, zikwama, zonse pamsewu, kutulutsa sipeya ija ili fwaa, yopanda mpweya ngakhale wa kandulo. Chigulireni galimotoyo ndinali ndisanaikhudzepo. Jeke inalipo koma chopukusira chake kulibe. Foni zinayi m'galimoto, netiweki ziro.

Kuzizira kwa kumeneko mu July sindidzaiwala. Anthu amaganiza kumpoto nkotentha, ayi ndithu, msewuwo umayenda pamwamba pa mapiri ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Ma triangle ndinalibe, ine ndi mlamu tinathyola nthambi nkuziyala pamsewu ngati mmene amachitira a ma truck, kenako tonse tinalowa m'galimoto nkufunda zitenje zomwe zimapita kumaliro zija. Azakhali anayamba nyimbo za kutchalitchi m'Chibemba chapansipansi. Mai a ana sanayankhule kanthu usiku wonse, ndipo ndikukuuzani bola akanandikalipira. Truck iliyonse ikadutsa galimoto imagwedezeka yonse, ine nkumawerenga mumtima kuti imeneyi yatiphonya.

Kutayamba kuyera tanker ina inaima. Dalaivala wake mTanzania, iye Chiswahili ine Chinyanja ndi manja, koma tinamvana. Anatulutsa kapaipi kaatali nkulumikiza ku matanki a mpweya a truck yake, kupopa sipeya ija, jeke yakenso ndiye inakweza galimoto. Ndinamupatsa ndalama anakana, anatenga kabichi imodzi. Tinakwawa mpaka Mpika, kumeneko kamnyamata kena kokonza matayala pansi pa mtengo kanawongola rimu ndi hamala yaikulu uku kakundiyang'ana ngati kakumva chisoni, tayala lina ndinagula la salaula pamtengo womwe sindingaunene pano. Mpika kufika Kasama ndi ena 210. Tinafika pamudzi madzulo anthu akuchokera kumanda. Mlamu wanga wa pa basi uja anafika bwinobwino, anaona nkhope ya bambo ake. Mai a ana sanaione.

Ndiye amai a ku Chelstone, mukandifunsa kuti zitheka, chimene chikundibwerera si makilomita, ndi nkhope ya mkazi wanga ataima pa mulu wa dothi lofiira.

Ndipo pano ndiyankhule ndi abambowo, chifukwa ndikudziwa muwaonetsa. Akulu, vuto si Vitz. Vitz ikhoza kufika ku Mpulungu, njira yonse ndi tala, timagalimoto tating'ono timapita kumeneko masiku onse. Vuto ndi ife amuna ndi matenda athu ofuna kukanena ku bala kuti ine Mpulungu ndinaimenya tsiku limodzi. Ndani anakupatsani mendulo? Lusaka kufika Mpulungu ndi makilomita opitirira 1,000. Ngakhale muziyenda 80 osaima, osakodza, osadya, ndi maola 13, ndiye onjezani ma roadblock, ma toll gate, ana akufuna kutchire, truck yagona pakati pa msewu, mvula ya December yomwe imagwa ngati wina wakhuthula dramu ndipo dzenje lililonse limabisala pansi pa madzi. Mufika usiku, mutatopa, pamalo pomwe pamafunika maso kwambiri, chifukwa kuchoka ku Mbala kutsikira ku nyanja ya Tanganyika msewu umatsetsereka kwambiri. Poyamba ndimafuna kulemba kuti zimatengera munthu. Ayi, ndasintha maganizo ndili mkati molemba, sizitengera munthu. Dalaivala mmodzi, ana kumbuyo, nyengo ya mvula, tsiku limodzi, ndi uchitsiru, ndipo ndili ndi ufulu wonena choncho poti chitsirucho ndinakhalapo.

Msewu umenewu sunayambe lero kudya anthu. Ian Smith atalengeza ufulu wake ku Rhodesia mu 1965, njira yakumwera inavuta, mafuta a dziko lino ankabwera m'madramu pa ma lorry kuchokera ku Dar es Salaam kudzera momwemu msewu udakali wafumbi, mpaka anautcha Hell Run. Nchifukwa chake kunabwera paipi ya mafuta ya TAZAMA mu 1968 yofika ku Ndola, kenako njanji ya TAZARA yomwe anamanga ma China m'ma 1970, ija mumaiona ikuyenda nanu mbali ina kuchokera pa Kapiri mpaka Mpika ndi Kasama. Agogo athu anaupatsa dzina la Hell Run limenelo, ife tikufuna kuuthamanga ndi tayala la salaula.

Chinanso chimandipweteka, ife a mu Lusaka kumpoto timangopitako pa maliro. Holide ndi Livingstone kapena Siavonga basi, ngati dziko linathera pamenepo. Ulendo wachiwiri ndinapita mwaulemu, masiku awiri, ndipo ndinachita manyazi ndi zomwe ndinazidutsa mumdima. Pa Kanona pomwe ndinagona m'galimoto paja, mukakhota pang'ono pali mathithi a Kundalila. Mukatenga msewu wa ku Samfya mutadutsa Serenje mufika ku Kasanka, komwe mileme mamiliyoni imasonkhana kuyambira kumapeto kwa October mpaka mu December, azungu amalipira ndege kuchokera kutali kudzaona, ife tikuti mileme nayonso nchiyani. Chakomweko kwa Chitambo ndi komwe David Livingstone anafera mu 1873. Pakati pa Mpika ndi Kasama mumawoloka Chambeshi, ndipo pafupi ndi mlatho pali chipilala cha nkhondo yoyamba yapadziko lonse ija, pomwe mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anamva kuti nkhondo yatha mu November 1918, kenako anakagonja ku Mbala, nthawi imeneyo ikutchedwa Abercorn. Ku Kasama kuli mathithi a Chishimba. Ku Mbala kuli Moto Moto Museum, ndi mathithi a Kalambo pamalire ndi Tanzania, madzi akugwa mamita opitirira 200 kamodzi. Ndinaima pamwamba pake miyendo ikunjenjemera ndipo mwana wanga wamkulu ndiye amandigwira dzanja, osati ine kumugwira iye. Koma ka msewu kolowera ku Kalambo nkafumbi, ndi Vitz nthawi ya mvula musalimbane nako, pezani galimoto yaitali kumeneko.

Za galimoto

Chabwino, ndalongolola. Pitani nayo kwa makanika sabata imodzi musananyamuke, osati dzulo lake, aone mabuleki, mafuta a injini, madzi, ma wiper, nyali. Matayala onse asanu muwaone ndi maso anu, sipeya muitulutse muipope, ndipo Vitz zambiri zimabwera ndi kasipeya kowonda kaja, kameneko si ka ulendo uno, gulani tayala lathunthu ndi rimu yake. Jeke muiyese pakhomo, wheel spanner, pampu, ma triangle awiri, tochi, chingwe chokokera, madzi a m'chigubu. Road tax, fitness, inshuwalansi ndi laisensi zikhale zamoyo, ma roadblock alipo ambiri. Ndipo musadzaze ngati mukusamuka, Vitz ndi yaifupi kale, mukaikamo matumba a ufa mimba yake izikhula pansi pa hump iliyonse.

Mafuta ndi kogona

Tauni iliyonse yaikulu thirani fulu, Kapiri, Serenje, Mpika, Kasama, ngakhale geji ikuonetsa theka. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, musadalire foni yokha poti netiweki imasowa pakatipakati, SIM ziwiri za makampani osiyana zimathandiza. Nyamukani 05 hours, mugone ku Mpika, ndi makilomita pafupifupi 640 ndipo ndi okwanira tsiku limodzi. Mukachedwa kunyamuka gonani ku Serenje, musachite za ine. Mawa lake Kasama nkhomaliro, Mpulungu dzuwa likadalipo. Pa chitsetsereko chochokera ku Mbala chija ikani giya yotsika, musakhalire pa buleki. Tsiku loti mawa munyamuka mu Lusaka dutsani pa Intercity mufunse madalaivala a mabasi a Kasama ndi Mpulungu kuti msewu uli bwanji sabata imeneyo, amenewo amadziwa dzenje lililonse ndi dzina.

Ku Mpulungu nkotentha ndipo udzudzu ndi wambiri, ana agone m'neti, ndipo wina akatentha thupi mutabwerako musati ndi kutopa kwa ulendo, kayezetseni malungo. Chibemba chanu chikhale chokonzeka, "mwashibukeni" (mwadzuka bwanji) ndi "natotela" (zikomo) zimatsegula zitseko zambiri, ine ndi Chinyanja changa cha ku Katete ankandiseka pamsika uliwonse koma amandithandiza ndithu atatha kuseka.

Rimu yopindika ija ndinabwera nayo. Mai a ana anakana kuti ndiitaye, ili kuseri kwa nyumba, amaikapo mbaula. Abambo akalimbikirabe za tsiku limodzi abwere adzaione, ndili ku Kabwata. Ndipo amai, pobwerera mundigulireko kapenta wa ku Mpulungu, meda imodzi yokha, wa kuno kumsika wa Soweto ndatopa naye mitengo yake.