Msuwani, za Medicaid zija ndamva

Eee halo, halo msuwani... ikujambula eti, chabwino. Meseji yako ndaiona m'mawa koma ndinali pa shifiti, komanso nkhani ngati imeneyi siyolemba ndi zala, bola ndingoyankhula. Enanu m'gulupu muno mumvere nawo, mwanayu ndi wa tonse.

Wafunsa kuti, tadikira ndiwerenge mmene walembera... "kodi Medicaid imalipira ABA ya mwana wa zaka 2, ndikufunsira mnzanga wa kutchalitchi." Mnzako wa kutchalitchi! Iwe msuwani iwe, ine ndinakubereka kumsana ku Mponela mamina ali mpaka pachibwano, lero undiuze za mnzako wa kutchalitchi? Mnzakoyo nayenso ali ndi kamnyamata kamene kamatembenuza kagalimoto kofiira kaja n'kumangozunguza matayala tsiku lonse? Kagalimoto kogula ine? Usakwiye ayi, amayi ako anandiimbira kale, ndipo analira, ndiye tiyeni tingoyankhula poyera.

Yankho lake ndi eya, imalipira. Kwa enanu, Medicaid ndi inshulansi ya boma ya zachipatala kuno ku America ya mabanja opeza pang'ono, ABA ndi chithandizo chophunzitsa ana a autism, ana amene ubongo wawo umakula mosiyana n'kumavutika kuyankhula ndi kucheza ndi anthu. Kuno ku Indiana ana ambiri ali pa Hoosier Healthwise, imeneyo ndi Medicaid yomweyo, ndipo pali lamulo la dziko lonse limene amati EPSDT, limanena kuti mwana wosakwana zaka 21 amene ali pa Medicaid, chithandizo chimene chaoneka kuti n'chofunika pa umoyo wake azipatsidwa. Mu 2014 a CMS, amene amayang'anira Medicaid yonse, analembera ma state kuti ana a autism nawonso ali momwemo. Texas ndi imene inachedwa, inadzayamba mu 2022, achimwene a ku Dallas mukumva eti. Koma zimenezi ukanazipeza wekha pa Google, iwe ndi foni simusiyana. Chimene chinakudzutsa 2 koloko usiku kuti ulembe meseji ija si chimenechi.

Mmm... amalume a mawayilesi mukuwakumbuka? Ana inu obadwira m'tauni simunawapeze bwinobwino koma iwe unawapeza, unkawaopa, unkabisala kuseri kwa nkhokwe akamabwera. Amayi anga amanena kuti amalume aja anafika zaka 5, ayi, amati 6, asanatulutse mawu, ankangokugwira dzanja n'kukukokera pamene pali chinthu chimene akufuna, dzanja lakolo n'kuliika pa mtsuko, basi udziwe wekha kuti ndi madzi. Agogo anayenda nawo kwa asing'anga mpaka ku Ntchisi wapansi, mphini zija zinali pachifuwa mpaka kumsana, munaziona nokha tsiku lowasambitsa lija. Ndipo sing'anga wina ndi amene anatchula a kutsidya kwa dambo, nkhani ya mbuzi ija inayambira pamenepo, mpaka lero sitidyerana. Anthu osalakwa, iii.

Kusukulu anangofika Sitandade 3. Belu likalira ankatseka makutu n'kukhala pansi, aphunzitsi amati mwano, chikwapu. Pachigayo sankadutsa, ankazungulira njira ya kumanda, yaitali ija, kuti asamve injini. Ng'oma za gule zikayamba iwo ulendo kudimba mpaka kucha. Mbale yawo inali imodzi yomwe ija yachitsulo yosupuka m'mbali, uwapakulire ina nsima imagona. Ndipo chinthu china, sankayang'ana munthu m'maso, koma kwathu mwana wosayang'ana akulu m'maso timati waulemu, ndiye palibe anaonapo kanthu pamenepo, amangoti mwana wofatsa koma wozerezeka.

Koma wayilesi! Eee. Wayilesi ya Nzeru ya agogo aamuna anaimasula yonse ali mnyamata, zidutswa kuziyala pamkeka mu mzere, kuyambira zazing'ono mpaka zazikulu, agogo aamuna atabwera kumunda anatenga mtengo, agogo aakazi n'kuima pakati kuti musiyeni tione. Pofika madzulo yabwerera mwake, ikuyankhula bwino kuposa kale. Kuchokera pamenepo anthu ankachokera ku Madisi pa njinga wayilesi atamanga ndi mphira pakaliyala. Ndalama sankalandira, amangofuna mabatire akutha, ankawasunga mu chitini, owerengedwa, ukachotsa limodzi amadziwa. Tsiku la chinkhoswe cha azakhali, mukukumbuka, chimkuzamawu chitafa anthu a kuchimuna akhala kale pansi, mwini wake wa zida thukuta kamukamu, ndani anakonza? Anabwera osapereka moni kwa aliyense, kugwada, kulumikiza waya, nyimbo n'kuyamba, iwo n'kutseka makutu kuthawa phokoso limene akonza okha. Anthu anaseka. Ine ndinali kamtsikana koma sindinaseke, zinandipweteka, mpaka lero zimandipweteka.

Ine sindiwapatsa dzina la matenda amalume, palibe dokotala anawaonapo pa zimenezi. Koma chimene ndinaona ndi ichi, munthu yekhayo amene ankawamva anali agogo aakazi. Agogo atapita, aaa, mukudziwa mmene zinathera, sindibwereza muno. Panalibe amene anaphunzitsidwa kukhala nawo, iwonso panalibe anawaphunzitsa kunena kuti pakundipweteka apa. Chilonda chija cha kuphazi anachibisa mpaka chinafika pamene chinafikapo chifukwa sankadziwa kuti ululu umanenedwa.

Tadikira, ndizimitse mbaula... eya. Ndiye msuwani, chimene ukufunsa iwe ndi chakuti kodi pali njira yoti mwana athandizidwe popanda dokotala kulemba mawu aja pa pepala. Ndikudziwa alamu akukana, akuti mwana akalembedwa autism zimutsata moyo wake wonse, akuti anyamata amachedwa kuyankhula, akuti tikumusokoneza ndi zilankhulo ziwiri. Iwenso mumtima ukuopa zomwezo, n'chifukwa chake kalata ya dokotala wa ana ija ili mu handibagi kuyambira tsiku limene munadzaza M-CHAT, mafunso 20 aja oona ngati mwana ali ndi zizindikiro za autism. Ndiye ndikuuze mosabisa, pa ABA njira imeneyo palibe. Medicaid siitulutsa ndalama ya ABA popanda lipoti la kuyezedwa kwa mwana. Zili ngati makuponi a feteleza kwathu, dzina likapanda kulembedwa, kaya munda wako ndi waukulu bwanji, kudepoti ubwerako chimanjamanja. Mwanayo akayezedwe. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndipo za zilankhulo ziwirizo alamu muzisiye, Chichewa sichibweretsa autism, muziyankhula nayebe Chichewa, agogo ake akamaimba foni azimva. Katemeranso ayi, azakhali ndakumvani zimene munatumiza zija, si katemera. Si iwe msuwani, si chimene unadya uli woyembekezera, si a kutsidya kwa dambo. A CDC, bungwe la boma loona za matenda, mu 2025 ananena kuti pa ana 31 aliwonse a zaka 8 m'madera amene anawerenga, mmodzi ali ndi autism, ndiye simuli nokha, m'tchalitchi mwanu momwemo alimo.

Tsopano mmene zimayendera, ndikuuze monga munthu amene ndagwira ntchito ya RBT, yophunzitsa ana pa ABA, ndimakhala pansi ndi ana amenewa tsiku ndi tsiku. Mawa m'mawa imbira First Steps, pulogalamu ya boma la Indiana yothandiza ana ochedwa pa kakulidwe. Iyi siifuna lipoti la autism, siifunanso kalata ya dokotala, kholo limaimba lokha, ndi ya ana osakwana zaka 3, kuyeza kwake ndi kwaulere ndipo amabwera kunyumba kwanu. Lamulo limawapatsa masiku 45 kuchokera tsiku limene waimba kuti akhale atamuona mwana ndi kukhala nanu pansi kupanga pulani, amati IFSP. Akamuvomera, wophunzitsa kuyankhula amabwera pakhomo, nthawi zina ndi wa OT, amene amathandiza za kudya, kugwira zinthu, kuopa phokoso. Mnyamata wathu ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4, ndiye yatsala miyezi 8 basi, akakwana 3 First Steps imatha, amapita m'manja mwa sukulu za boma za m'dera lanu, kumeneko pulani yake amati IEP. Mukamazengereza miyezi imeneyi ikupita.

Tsiku lomwelo ubwerere kwa dokotala wa ana, umuuze akulembere zinthu ziwiri. Kuyeza makutu, chifukwa mwana amene samva bwino nayenso satembenuka ukamuitana, zimenezo zichoke kaye panjira. Ndi kutumizidwa kokayezedwa autism. Kuno ku Indianapolis kuli chipatala cha ana cha Riley, koma usaganize kuti ndi kokhako, funsa za Early Autism Evaluation Hub, anaziika m'madera osiyanasiyana mu state muno kuti ana aang'ono asadikire kwambiri. Mzere wake umakhala wautali, miyezi, ndiye lembetsa malo awiri atatu, uwauze kuti wina akalephera kubwera akuimbire ngakhale m'mawa womwewo. Kuyezako si jakisoni, si kumutsekera m'chipinda, amasewera naye, thovu la sopo, zidole, iwe uli pompo, n'kukufunsa mafunso ambirimbiri. Ndipo apa ndikupempha, usamukometsere. Ife timakonda kunena kuti ali bwino, akuyesetsa. Ayi. Nena za tsiku loipitsitsa, mmene amamenyetsera mutu pansi, mmene anathamangira kumsewu tsiku lija la braai, kuti amadya zinthu zitatu zokha. Jambula mavidiyo pa foni upite nawo. Zimene sunanene sizilembedwa, ndipo zimene sizinalembedwe inshulansi siiziona.

Lipoti likatuluka, ngati latuluka choncho, ndi pamene umapita nalo ku kiliniki ya ABA imene imalandira Medicaid, funsa kaye zimenezo pa foni, utchule kampani imene yalembedwa pa khadi la mwana. Kumeneko BCBA, ndiye bwana wathu ife ma RBT, amamuonanso mwana, amalemba pulani ndi maola, n'kutumiza ku inshulansi kukapempha chilolezo asanayambe, ndipo chilolezocho chimapemphedwanso pakapita miyezi 6. Mapepala amenewo amayendetsa ndi a kiliniki, iwe ntchito yako ndi kusunga kope ya chilichonse mu fayilo imodzi, osati mu handibagi muja momwe muli ma risiti a chaka chatha, ndikukudziwa iwe. Akakana kapena akadula maola, kalata imabwera, usaitaye, usalire nayo yekha... eee, wekha. Uli ndi masiku 60 ochita apilo ku kampaniyo, ndipo ngati mwana anayamba kale n'kumudulira, ukachita apilo mkati mwa masiku 10 ungapemphe kuti chithandizo chipitirire nkhani ikadaunikidwa. Akakananso pali fair hearing, kumene woweruza wa boma amaimvanso nkhaniyo. Makolo ambiri amasiyira pa kalata yoyamba, ndi zimene zimandiwawa pa ntchito yanga.

Alamu mwina munena kuti ovataimu yanu ikhoza kukutulutsani pa Medicaid. Pali Family Supports Waiver, njira ina ya Medicaid ya anthu ofuna thandizo lapadera, imeneyo kwa mwana wosakwana zaka 18 sawerenga malipiro a makolo, koma nayonso ili ndi mzere, ndiye kulembetsa msanga. Za mapepala anu aja, mwanayu anabadwira ku South Bend, ndi nzika, fomu ndi yake. Zotsalazo ndikuimbira pambali, si za m'gulupu.

Chinanso, ABA si yonse yabwino, ndinene ngakhale ndimadyera momwemo. Alipo akuluakulu a autism amene amadandaula mmene anachitidwira ali ana, kuwakakamiza kukhala phee, kuwaletsa kugwedeza manja, ndipo ine ndimawamvera, ali ndi mfundo. Malo amene sakukulola kulowa kuona, tuluka. Amene akukuuza maola 40 pa sabata asanamuone n'komwe mwana, funsa chifukwa chake, kamwana ka zaka 2 kamafunanso kugona masana ndi kukhala pamiyendo ya amake. Malo abwino amaphunzitsira m'masewero, amakuphunzitsanso iweyo ndi alamu, ndipo zimene amafuna ndi zoti mwana athe kupempha madzi, kunena ayi, kuloza pamene pakupweteka, kaya ndi mawu kaya ndi zithunzi. Kuzunguza matayala kumeneko musiyeni azizunguza, sikupweteka munthu.

Alamu, ndikudziwa mukumvera, foni ya msuwani imakhala pa sipika nthawi zonse. Ndikuyankhula ndi ulemu wonse. Mwana wanu akalembedwa pa pepala sasintha, adzakhala yemwe uja amene amakudikirani pawindo mukamaweruka. Lipotilo ndi la kuchipatala, silipita kutchalitchi, silipita kumudzi pokhapokha mutalinena nokha. Mwinanso akamuyeza adzati ndi kuchedwa kuyankhula chabe, tidzathokoza Mulungu, mudzandiseke ndi phokoso langali. Koma osamuyeza, thandizo la ABA silibwera, ndipo amalume anakhala moyo wonse opanda pepala, sizinawateteze ku chilichonse. Mulole akayezedwe, ndipo mupite nawo, musamusiyire mkazi yekha tsiku limenelo.

Iii yatalika iyi, batire yatsala pang'ono. Msuwani tulutsa kalata ija mu handibagi, uijambule unditumizire pa inbox ndione chimene dokotala analemba. Mawa ndili ofu, 9 koloko ndikuimbira, tiimbira limodzi First Steps, kenako kwa dokotala kuti mwana alowe pa mzere woyezedwa sabata ino, iwe uzingoyankha dzina ndi tsiku lobadwa, pamene mawu akukanika ndiziyankhula ine. Khadi la Medicaid likhale pafupi. Ndipo uyankhe foni, usandiuze kuti inali pa chaja.