Achemwali, baji siiyenda pamsewu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwapeza galimoto ziwiri za 2012: Toyota Passo yomwe yakhala ikuyenda kuno zaka zingapo, ndi Mazda Demio yongofika kumene kudzera ku Dar es Salaam. Demio ndi yooneka bwino komanso yotsikirako mtengo, koma amalume anu akuti kunja kwa Toyota kulibe galimoto. Musawayankhe mwamwano amalumewo, ali ndi chifukwa chawo. Koma poti ndalama mwavutikira nokha, tiyeni tiunike bwino.

Choyamba n'chakuti Passo ija sinatuluke m'fakitale ya Toyota. Inkapangidwa ndi Daihatsu, ndipo ku Japan galimoto yomweyo inkagulitsidwanso ndi dzina loti Daihatsu Boon kuyambira 2004. Daihatsu ndi kampani ya Toyota, inde, koma omwe amanyoza Daihatsu Mira n'kumatama Passo sadziwa kuti awiriwa ndi a bere limodzi. Zoterezi zili ponseponse. Mazda Carol ndi Suzuki Alto yovala malaya ena. Toyota Starlet yatsopano yomwe abale athu akugula ku South Africa ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India. Ndipo kuyambira 2018, Mazda Familia Van ndi Toyota Probox yeniyeni, angosintha baji. Ndiye wonena kuti "Mazda ayi" akukana chiyani kwenikweni?

Mbiri ya Toyota kuno sinangogwa kumwamba. Inamangidwa ndi Hilux, Land Cruiser, Corolla ndi maminibasi a Hiace, galimoto za injini zosavuta kuzimvetsa zomwe zinapirira fumbi, mabampu ndi katundu wopyola muyeso. Injini ya 1NZ ya 1.5, yomwe ili mu Probox, Sienta yakale ndi Corolla zambiri, ine ndimaivulira chipewa. Komabe theka la mbiriyo lili ku Biwi ndi ku Ndirande, osati ku Japan. Toyota ikafa, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati msana wa njira, ndipo sipeya imapezeka tsiku lomwelo, yatsopano kapena yophwasula pa ina. Galimoto yomwe yafa Lolemba n'kudzuka Lachiwiri anthu amaiwala kuti inafa. Yomwe yakhala milungu itatu pa matabwa kudikira kachitsulo kochokera ku Johannesburg, mudzi wonse umaitchula kuti ndi yoipa, ngakhale itafa kamodzi kokha pa zaka zisanu. Kusowa kwa sipeya ndi vuto lenileni, sindikuchepetsa, koma n'losiyana ndi kufooka kwa galimoto.

Komanso m'banja limodzi lomwelo mumabadwa ana osiyana. Funsani makaniko aliyense za injini ya D-4 ya 2.0 yomwe ili mu Noah, Voxy ndi Premio zina zakale, muone momwe akwinyire nkhope: imadzaza mwaye mkati ndipo imafuna munthu woidziwa. Baji yake ndi yomweyo ya amalume. Mu 2009 ndi 2010 Toyota inaitanitsa galimoto mamiliyoni kuti zikakonzedwe chifukwa cha chopondera moto chomwe chinkakanirira. Mu Disembala 2023 Daihatsu, mayi wake wa Passo, inaimitsa kutumiza galimoto zake zonse zitadziwika kuti kwa zaka zambiri inkachita chinyengo poyesa chitetezo, ndipo zina mwa galimotozo zinali ndi baji ya Toyota. A ku Germany nawo, omwe timawaona ngati akatswiri osalakwa, si uja Volkswagen inavomera mu 2015 kuti inaika pulogalamu yonamiza zoyezera utsi m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni? Honda Fit ya petulo wamba ndi kagalimoto kabwino, koma hybrid yake ya 2013, yoyendera petulo ndi magetsi, inaitanidwa kangapo m'chaka chake choyamba chifukwa cha giyabokosi. Dzina limodzi, galimoto ziwiri zosafanana.

Ine phunziro ndinalilipira ndi thumba langa. Galimoto yanga yachiwiri ndinagula chifukwa cha dzina, lomwe sinditchula pano poti wolakwa sanali wopanga. Wogulitsa anandiitana masana, cha m'ma 2 koloko, injini itatentha kale, ikulira mosalala ngati mphaka. Ndinayenda nayo kamtunda kochepa pa tala, ndinasangalala, ndinalipira. M'mawa mwake nditailiza, utsi wobiriwirako unadzaza pabwalo mpaka nkhuku zinathawa. Kutsegula chotsekera oyilo, pansi pake panali phala loyererako ngati chiponde chothira mkaka, chizindikiro choti madzi akulowa mu oyilo. Patapita mwezi inayamba kunjenjemera ponyamuka. Makaniko atatsitsa oyilo wa mu giyabokosi anangondionetsa m'chigubu, wakuda bii, wonunkha chopserera, n'kundiuza kuti mwini wakale ankathira ATF, oyilo wa otomatiki wamba, mu giyabokosi ya CVT, mtundu wa otomatiki womwe umafuna oyilo wakewake. Baji inali pamalo pake, yonyezimira. Chikomekome cha nkhuyu.

N'chifukwa chake pa galimoto ya zaka zoposa khumi, funso loyamba si lakuti anapanga ndani, koma lakuti anaisunga ndani. Ku Japan galimoto imapita kukayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo misewu yake ndi yosalala. Passo yanu yadya kale mabampu athu, mwina inakhalapo takisi, mwina oyilo ankasintha akakumbukira. Demio nayo musaikhulupirire chifukwa choti yangotsika m'sitima: za kumpoto kwa Japan, komwe kumagwa chipale ndipo amathira mchere m'misewu, zimabwera ndi dzimbiri kunsi.

Ndiye chitani izi. Zonse ziwiri mukazione m'mawa kwambiri, ndipo muuziretu ogulitsa kuti asazilize inu musanafike. Gwirani boneti ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti pali chomwe akubisa. Tengani makaniko wanu, osati yemwe wogulitsa akuti "ndi mnyamata wanga wodalirika", ndipo mum'lipire tsiku lakelo kuti asakhale ndi mbali. Ailowetse pa dzenje aone kunsi, kudontha kwa oyilo, mashoko, dzimbiri, ndi malo owotcherera omwe amaulula ngozi yakale. Aike kompyuta yofufuzira zovuta za galimoto. Poyenda nayo musangozungulira pa tala, ikwezeni chitunda muli anthu anayi, mumve ngati giyabokosi ikulira kapena kuzengereza. Passo ya 2012 ndi ya CVT, ndipo Demio za chaka chimenecho zambiri ndi za CVT, choncho funsani kuti oyilo wa m'menemo anasintha liti ndipo anathira wanji. Akayankha kuti "oyilo ndi oyilo", tsanzikani.

Makilomita a pa dashibodi musawatenge ngati Uthenga Wabwino, amabwezedwa. Yang'anani mphira wa pa chopondera buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Galimoto yonena kuti yayenda 60,000 koma mphira wa buleki watha mpaka chitsulo kuoneka, ikunama. Pa Demio pemphani auction sheet ya ku Japan, pepala la ku okushoni lofotokoza momwe galimotoyo inalili. Mukaona chilembo R pa giredi, ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Nambala ya chassis ikuthandizaninso kufufuza pa intaneti ngati galimotoyo inaitanidwapo pa nkhani ya ma airbag a kampani ya Takata, omwe ankaphulika n'kumwaza tizitsulo. Vutolo linakhudza Toyota, Honda, Nissan, Mazda ndi ena ambiri, silinasankhe baji, ndipo limakula m'malo otentha ndi a chinyontho ngati kwathu kunyanja.

Chinthu china chomwe ambiri sachita: musanalipire, yendani m'mashopu a sipeya a m'tauni yomwe mukukhala, osati ya ku Lilongwe kapena Blantyre ngati simukhala kumeneko. Funsani mtengo wa nyali yakutsogolo, galasi lakutsogolo, mashoko, pampu ya madzi ndi mabuleki, za Passo ndi za Demio, ndiponso ngati zilipo pa shelefu kapena n'zoitanitsa. Mayankho amenewo ndi a phindu kuposa mkangano wonse wa za mabaji.

Mukandifunsa maganizo anga, Demio ya petulo ya 1.3 ikapambana mayeso onsewa ndipo sipeya zake zikupezeka kwanuko, itengeni, ndalama yotsalayo musunge ya matayala, inshuwalansi ndi kusintha maoyilo onse sabata yoyamba. Passo ya 1.0, ya masilinda atatu, imamwa petulo pang'ono koma pa chitunda mutanyamula ana ndi thumba la chimanga imapuma wefuwefu. Demio ya dizilo, yomwe inayamba mu 2014, imeneyo ndiye musaiyandikire ngati maulendo anu ndi afupiafupi a m'tauni, sefa yake ya utsi imatsekeka. Pomwe amalume akupambana ndi pogulitsa: tsiku lomwe mudzafune kuisiya, Toyota imapeza wogula msanga ndipo mtengo sugwa kwambiri. Ngati mukuganiza zoigulitsa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, zimenezo muziwerengere.

Loweruka m'mawa atengeni amalumewo mupite nawo limodzi, ndipo chotsekera oyilo cha Passo akatsegule okha.