Yankho kwa amalume: chikudya ndalama za zinki m'dothi n'chiyani?

Eee amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumvera. Mwati mwaona vidiyo ya bambo wina wa ku America akufukula ndalama zachitsulo ndi kamakina kofufuzira zitsulo pansi, ya m'ma 1950 yatuluka ikuwerengeka bwinobwino, pomwe ya m'ma 1990 yatuluka itadyekadyeka ngati aiteketa makoswe. Ndiye mukufunsa kuti yakale ikuposa bwanji yatsopano. Ndiyankhire pagulu pompano kuti enanso amve nawo.

Nkhani yagona pa chaka cha 1982. Kwa zaka zambiri chisanafike chaka chimenecho, senti ya ku America, ija amaitchula kuti penny, inali ya kopa, 95 peresenti. Kopa atakwera mtengo, boma linasintha. M'kati monse anaikamo chitsulo chotuwa chotchedwa zinki, 97.5 peresenti ya ndalama yonse, kopa n'kungokhala kachikopa kopyapyala kapamwamba. Pasikelo yakale imalemera magalamu 3.11, yatsopano 2.5, koma m'maso simungazisiyanitse.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani, mundimvetsere. Munayamba mwaonapo batire ya tochi yakutha, itafufuma n'kumatuluka zoyerayera zija? Kachitini ka batire zotchipa zija n'ka zinki, ndipo batire ikamayatsa tochi, kachitiniko ndi kamene kamadyeka. Ndalama ija ikakwiririka imasanduka kabatire komweko. Kachikopa ka kopa kakangokalika pang'ono, olo kabowo kosaoneka ndi maso, chinyezi cha m'dothi chimalowa. Madzi a m'dothiwo si madzi chabe ayi, muli mchere, muli asidi wochokera ku masamba owola, pena feteleza. Zitsulo ziwiri zosiyana zagundana, pakati pali madzi amchere, basi batire yakwana. Ndiye pa awiriwa amene amalipira ndi zinki. Iye amasungunuka, mnzake kopa ali phee.

Choipa kwambiri n'choti kopa wakuta ndalama yonse, pomwe zinki waonekera pakabowo kamodzi. Kudyeka konse kumathamangira pomwepo, n'kumakumba m'kati ngati dzino lobooka, kunja likuoneka labwinobwino koma m'kati muli mphako. Mukaiyang'anitsitsa ndalama yotere muona timatuza pamwamba, mukatidinikiza ndi chikhadabo timaphulika n'kutuluka ufa woyera ngati choko. Si dzimbiri lofiira lija ayi, lofiira ndi la chitsulo wamba. Senti yakale ija, poti ndi kopa pafupifupi yonse, ilibe mnzake woidyera. Imangoda kapena kubiriwira pamwamba, ndipo kubiriwirako kumaitchinjiriza, n'chifukwa chake chaka chimawerengekabe.

Chondiseketsa ine n'choti khalidwe lomweli la zinki ndi limene timalifuna pa malata. Amawakuta ndi zinki dala, kuti iye azitha m'malo mwa chitsulo cham'kati. Pa malata ndi nzeru, koma pa ndalama anachita chosemphanitsa, wodyekayo n'kumuika m'kati.

Si Aamerika okha. Ku Germany, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira 1940 mpaka 1945, ndalama za 1, 5 ndi 10 Reichspfennig ankazipanga ndi zinki chifukwa kopa ankapita ku zida zankhondo. Nazonso zikafukulidwa zimatuluka zotuwa, zankhanambo, zilembo zitafufutika.

Dothi nalonso limasiyana. Mumchenga wouma ndalama imapirirako, koma m'dothi lonyowa, la asidi kapena lothiridwa feteleza chaka ndi chaka, sichedwa kutha.

Aa, ndinatsala pang'ono kuiwala. Mwafunsanso ngati bambo uja angathe kuitsuka ndalama yodyekayo n'kubwerera mwakale. Ayi amalume, zinki amene wasanduka ufa wapita basi. Ndipo akaiviika mu asidi poganiza kuti iwale, ingochita thovu, zinki wam'katiyo n'kumasungunuka. Angoipukuta ndi kaburashi kofewa n'kuisunga pouma.

Ndaima kaye pano, nanenso batire ya foni yanga yafiira.