Mzere wakuda wodutsa m'thanthwe la granite

Mmodzi wa inu owerenga wanditumizira imelo. Akuti anapeza thanthwe lotuwa la granite, ndipo pakati pake padutsa mzere wa mwala wakuda, wotambalala pafupifupi mita imodzi, wowongoka ngati wochita kujambula. M'mbali mwa mzerewo mwala ndi wosalala, timibulu take sitioneka n'komwe, pomwe pakati timibulu tikuoneka bwinobwino. Akufunsa kuti kodi imeneyi ndi miyala iwiri yosiyana? Nanga ngati wakudawo unalowa uli wamadzimadzi, bwanji sunasungunule granite?

Zikomo kwambiri, ndipo ndasangalala kuti munagwada n'kuyang'anitsitsa m'mbalimo, chifukwa yankho lonse lagona mmenemo.

Akatswiri a miyala amautcha mzere wotere dike. Granite inalipo kale, itauma ndi kuzizira. Kenako inang'aluka, ndipo chiphalaphala cha basalt, womwe ndi mwala wakudawo, chochokera pansi chinadzaza mng'aluwo. Ndiye kuti wakudawo ndiye unabwera pambuyo pake, pakuti mwala sungadule unzake umene kunalibe.

Tsono m'mbali ndi pakati ndi mwala umodzi, wochokera ku chiphalaphala chimodzi. Chasiyana ndi nthawi imene mbali iliyonse inatenga kuti iume. Basalt imalowa ikutentha madigiri a Celsius 1,100 mpaka 1,200. Imene yakhudza khoma lozizira imataya kutentha msangamsanga, timibulu tambirimbiri timayamba kumera nthawi imodzi, ndipo palibe kamene kamapeza mpata wokula. Nthawi zina pamzere penipeni pokumanirana pamapangika galasi lakuda la mamilimita ochepa chabe, chifukwa pamenepo ngakhale timibulu sitinapeze nthawi yoyamba. Pakati zinthu zimayenda mwachifatse. Khungu louma lija limakhala ngati chofunda, kutentha kumatuluka movutikira, timibulu timayamba tochepa koma timakula. Mukatenga galasi lokulitsira zinthu mudzaona timitengo toyera, titalititali, totchedwa plagioclase, titagona mopingasana, ndipo m'mipata yake mwadzaza timibulu takuda totchedwa pyroxene. Mwala wapakatiwo ambiri amautcha dolerite. Yendetsani chala kuchokera m'mbali kupita pakati, mudzamva kukhakhala kukuwonjezeka pang'onopang'ono popanda malire enieni. Ukanakhala mwala wina, malire mukanawapeza.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi masamu ake. Dike ya mita imodzi ngati yanuyo imauma yonse m'masiku atatu kapena anayi. Ya mamita 10 munthu angaganize kuti itenga mwezi, koma imatenga pafupifupi chaka, chifukwa kutambalala kukachuluka ka 10, nthawi imachuluka ka 100. N'chifukwa chake kamzere kopyapyala ngati chala kamakhala kosalala konsekonse, pomwe dike yaikulu imakhala ndi timibulu toonekera munthu ataimirira.

Funso lanu lachiwiri yankho lake lili pafupi. Mwala wotentha ukakhudzana ndi wozizira, kutentha kwa pokumanirana kumakhala chapakatikati pa iwiriyo. Basalt ya madigiri 1,150 ikakumana ndi granite ya madigiri 100, pokumanirana pamafika madigiri 600 ndi pang'ono. Granite yokhala ndi madzi m'kati mwake imayamba kusungunuka cha pa madigiri 650 mpaka 700, ndipo youma imafuna kutentha koposa apo. Dike yopyapyala imatha mphamvu isanafike pamenepo. Imangowaula khoma, n'kuzirala. Koma dike ikakhala yaikulu, kapena chiphalaphala chikayenda mu mng'alu womwewo kwa nthawi yaitali, granite imayambadi kusungunuka, ndipo mumaona timitsempha toyera tikulowa mu mwala wakudawo.

Mukabwererako, fufuzani zidutswa za granite zimene zinathothoka pakhoma n'kutsekeredwa mu basalt. Zikakhala ndi nsonga zakuthwa, zinthu zinachitika mofulumira. Zikakhala zobulungira m'mbali, zinayamba kusungunuka. Onaninso ming'alu ya mu dikeyo: mwala umakhwinyata pozizira, ndipo ming'alu yake imachoka kukhoma lina kulunjika kukhoma linalo. Ku Schoodic Point, m'mphepete mwa nyanja ku Maine m'dziko la United States, ma dike akuda otere adula granite yofiirira, ndipo m'malo ena mafunde akokolola mwala wakudawo n'kusiya ngalande.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakusokonezeni. Mungapeze kambulu kakakulu kali kokha m'mbali mosalala muja. Kameneko kanakula kale pansi penipeni, chiphalaphala chisananyamuke, ndipo kanangotengedwa. Mungapezenso mzere wina wosalala m'kati mwa dikeyo, kutali ndi granite. Pamenepo ndiye kukayikira kwanu kungakhale kolondola, chifukwa zikutanthauza kuti dike yoyamba itauma inang'alukanso, ndipo basalt ina inalowa kachiwiri n'kuzizirira pa inzake. Mukauona mzere wotero, ujambuleni mutaika tepi yoyezera pambali pake, munditumizire.