Musanamasule galu pagombe, yambani mwayang'ana madziwo

Amayi, mwafunsa za tenti yoyenera kugula, za malo abwino oimikapo tentiyo, ndiponso ngati mungamusiye galu wanu kuti azithamanga ndi kusambira tsiku lonse ku paki ya m'mbali mwa nyanja. Za tenti ena ayankha kale, choncho ine ndilankhula za galu ndi madzi basi. Amene akulemba kuti "mumasuleni akasangalale, galu amadziwa yekha chomupweteka" ndikukhulupirira kuti sanaonepo galu akuphupha pamchenga.

Choopsa kuposa zonse ndi ndere zina zimene zimachulukana pamadzi a bata m'nyengo yotentha, zimene akatswiri amazitcha cyanobacteria. Madzi amaoneka ngati mwatayikira penti wobiriwira, nthawi zina pamakhala thovu kapena fungo lonunkha, ndipo mphepo imazikankhira kugombe, pamalo enieni amene galu amafikira kumwa. Zina mwa nderezi zimatulutsa poizoni wotchedwa microcystin amene amawononga chiwindi, zina zimatulutsa anatoxin-a amene amagwira mitsempha mpaka galu kulephera kupuma, ndipo ameneyu angathe kupha pasanathe ola limodzi. Palibe mankhwala othetsa poizoniyu, komanso ndi maso okha simungasiyanitse ndere zakupha ndi zosapha.

Banja lina limene linaimika tenti pafupi ndi yathu linali ndi galu wamkulu wathanzi ndithu. Sanamwe madzi ambiri ayi. Analowa m'kagombe kobisika pakati pa bango, natuluka ubweya uli wobiriwira, n'kukhala pansi kuyamba kudzinyambita. Posakhalitsa dovu linayamba kutuluka, miyendo ya kumbuyo n'kumanjenjemera, ndipo pamene eni ake ankamunyamula pabulangete kupita naye ku galimoto anali asakuimanso. Panalibe amene ankadziwa kumene kunali dokotala wa ziweto wapafupi, foni nayo sinkagwira bwino, ndipo galuyo anafera m'njira.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mukafika muyambe mwayenda m'gombemo galu ali pachingwe, muwerenge zikwangwani, ndipo mufunse ogwira ntchito papakiyo ngati madzi ali bwino masiku amenewo. Mukakayika pang'ono pokha, galu asalowe m'madzimo. Akasambira, mutsukeni ndi madzi oyera asanayambe kudzinyambita. Madzi akumwa muwatenge pochoka kwanu pamodzi ndi mbale yake: galu wolemera makilogalamu 20 amamwa pafupifupi lita imodzi kapena kupitirira pang'ono patsiku, ndipo kukatentha amamwa oposa pamenepo. Galu amene alibe ludzu sathamangira zithaphwi, momwenso mumakhala tizilombo toyambitsa matenda a leptospirosis tochokera mu mkodzo wa makoswe. Nambala ya dokotala wa ziweto wa kuderalo muilembe papepala musananyamuke.

Chachiwiri ndi kutentha. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo thupi lake limene nthawi zonse limakhala pa madigiri 38 mpaka 39 likafika pa 41 moyo uli pachiswe. Kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo akhale pamthunzi. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pamchenga, ndipo mukalephera kupirira kwa masekondi angapo, dziwani kuti mapazi ake apsa. Musamutsekere m'galimoto kapena m'tenti masana ngakhale mutati mukungopita pafupi. Akayamba kudzandira, nkhama zitafiira kwambiri, muthireni madzi ozizira nthawi yomweyo kenako muthamange naye kwa dokotala. Simunanene mtundu wa galu wanu, koma ngati ali wamphuno yaifupi monga bulldog kapena pug, amenewa amavutika msanga ndi kutentha ndiponso kusambira sakutha bwino.

Malo amene anthu amawedzerapo nsomba muwapewe, chifukwa mbedza zotayidwa zimakhala zikadali ndi nyambo. Akameza mbedza musakoke chingwe chotulukira m'kamwa, chifukwa mungang'ambe kummero kwake. Masewera oponya mpira m'madzi nawo asatalike, popeza galu amameza madzi ambiri potola mpirawo ndipo angadwale nawo.

Za malamulo, imbani foni kupakiko musanalipire chilichonse. Mapaki ambiri amalola galu pamalo ogona koma amamuletsa pagombe losambira anthu, ena amafuna kuona chikalata cha katemera wa chiwewe, ena amalipiritsa kangachepe pa galu aliyense, ndipo chingwe chimene amalola kawirikawiri ndi cha mamita awiri kapena kucheperapo. Mukafunsenso ngati m'nyanjamo muli ng'ona, chifukwa kumene ziliko galu sayenera kuyandikira madzi n'komwe. Zonyansa zake mutole nokha m'kathumba.

Usiku agone nanu m'tenti, osati kumangidwa panja pamene adzauwa chilichonse chodutsa mpaka anzanu oyandikana nawo kukadandaula kwa oyang'anira. Musanamulowetse, mupukuteni ndi thaulo lakale, kenako mumupapase m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala kufufuza nkhupakupa. Mukaipeza, igwireni pafupi ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono osaifinya, ndipo ngati patapita masiku angapo mutabwerera kunyumba galuyo wafooka, akukana chakudya kapena nkhama zayera, muuzeni dokotala kuti munali naye kutchire.